Kachitini ka dzina langa

Lachiwiri, 6 Juni 1978
Kwafika anthu ophunzira a ku yunivesite, wowatsogolera Mayi Chande, wamng'ono kuposa mwana wanga wotsiriza. Akufufuza chimene chikuchepetsa magazi mwa anthu a kuno ku Mlonyeni. Ndinavala jekete ndi tayi, poyesa kuti adzafuna maganizo a mphunzitsi wopuma. Maganizo sanawafune. Afuna chimbudzi, cha munthu aliyense m'kachitini kakekake. Maphunziro apita patsogolo ndithu.

Lachinayi, 8 Juni
Tcheyamani wa chipani walengeza kuti khomo losapereka kachitini ndi mdani wa chitukuko. Kale ankatifunsa khadi la chipani lokha.
Wotolera tizitinito ndi Pius, mkamwini wanga, amene tsopano wapeza ntchito yomuyenera. Mkazi wanga Esitele wakana kwamtuwagalu. Anati, "Munthu amene ndimamupatukira m'njira ndikamupatse zimenezo m'manja? Kuli bwino ndife." Ndinafotokozera mmodzi wa ophunzirawo za ulemu wa pakati pa mpongozi ndi mkamwini. Anati nzosangalatsa kwambiri ndipo adzazitchula m'lipoti. Tathandizika.
Komatu wodwala pakhomo pano ndi Esitele. M'zikope mwayera. Pochokera kuchitsime akutula ndowa kuti apume.

Loweruka, 10 Juni
Kachitini kolembedwa dzina langa ndinapatsa Esitele mwakachetechete. Ndinakapereka kwa Pius ndi manja awiri, iye n'kulandira atagwada. Mwambo wasungika, chitukuko sichinaphedwe.

Lolemba, 19 Juni
Zotsatira zabwera. Tcheyamani anapempha ulemu woziwerenga yekha, mokweza, pabwalo la sukulu imene ndinaphunzitsapo. A Cyprian Mateyo: njoka za m'mimba zoposa za wina aliyense m'mudzi. Pomaliza pake ndakhala nambala wani. Anthu amene ndinawaphunzitsa kugwira pensulo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Pius anayang'ana pansi, ndipo pa chimenecho ndamukhululukira zina.
Kenaka Mayi Chande anafotokoza kuti njokazi zimaloŵera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato. Ine sindinapondepo dothi ndi phazi lamaliseche chichokereni kumishoni. Anayang'ana nsapato zanga zopolishidwa nthaŵi yaitali ndithu. Pondipatsa mankhwala anatsitsa mawu: "Aphunzitsi, aŵa mukapatse mwini wake wa kachitini, atatha kudya. Ndipo muwapezere nsapato." Sanauze wina aliyense. Ndiyenera kuvomereza kuti mwanayu analeredwa bwino, ngakhale anapita ku yunivesite.

Lachinayi, 22 Juni
Esitele akumwa mapiritsi. Akudandaula kuti amanunkha ngati khasu ladzimbiri. Ana m'njira akunditchula Aphunzitsi Njoka. Ndikuwayankha moni mwaulemu.

Loweruka, 24 Juni
Ndinapalasa njinga mpaka ku Boma, kusitolo ya a Saidu. Nsapato zachikazi zakanivasi zilipo. A Saidu anafunsa, "Amayi amavala saizi yanji?" Saizi ya mkazi wanga sindinaidziŵe, ine wodziŵa kutalika kwa mitsinje ya ku Ulaya. Ndabwerako chimanjamanja.
Madzulo ano ndinagwada ndi kachingwe kuti ndimuyeze Esitele phazi. Anandikankha, nati ndikuchita zamanyazi anthu akuona, kenaka analitambasula yekha. Chidendene chong'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Kachingweko ndakaika m'thumba la jekete. Lolemba ndibwererako.