Bambo Akufuna Kukaona Msewu 16 wa Kwanuko

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Chifuwa cha kamtsikana kanu kaja chinatha? Kuno tilipo, kungoti denga la kukhitchini layambanso kudontha pamalo pomwe munamata paja. Bambo ali bwino kwambiri, ndipo nkhani yomwe ndakulemberani ndi ya iwowo.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa nokha. Ndikangotchula za ulendo wa bambo mumati netiweki ikuvuta, kenako zii. Pepala ili silidalira netiweki, ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa mmene bambo analili mayi atatisiya. Maso anali atawaletsa kale kuyendetsa basi, ndiye ankangokhala pakhonde kuyang'ana kumpanda. Tiyi ankazizira m'kapu. Munthu amene kale ankalongolola mpaka ife kuthawa patebulo anafika poyankha ndi mutu basi.

Foni yomwe munawatumizira ija inakhala m'kabati mpaka amakanika a pakona aja atabwera kudzabwereka jeke. Iwo ndi amene anawakulitsira zilembo n'kuwalowetsa m'gulu lina la anthu okonda misewu. Inde achimwene, gulu lotero liliko. Ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri madalaivala opuma, ndipo tsiku lonse amangotumizirana zithunzi za milatho ndi zikwangwani. Aliyense ali ndi dzina lake la m'gulumo. Bambo anatenga lija ankawatcha apaulendo, la Tifika, poti munthu akadandaula kuti basi ikuchedwa ankangomuyankha kuti tifika.

Poyamba ankangowerenga osayankha. Ndiye tsiku lina wina anafunsa ngati alipo amene anayendapo pa Msewu 16. Bambo anadzuka pampando ngati alumidwa ndi linthumbu, n'kundiitana kuti ndibwere msanga ndiwalembere. Anati ndiwauze anthuwo kuti msewu umenewo ndi wawo, anakalambira pomwepo, ndipo ngakhale mbuzi za m'mbali mwake zimawadziwa.

Apa m'pamene anadzidzimuka. Zinapezeka kuti 16 si mmodzi. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi wake. Mphunzitsi wina wopuma anati wake ndi wa m'tauni, wodzaza maloboti, ndipo umatha usanamalize kudya nthochi. Mkulu wina anati wake ndi wafumbi lokhalokha, mvula ikagwa umasanduka mtsinje. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chichitikireni maliro, moti ndinalowa m'nyumba kukapukuta m'maso.

Koma panali mmodzi amene sanasekedwe, dzina lake la m'gulu Mphenzi. Ameneyu anati 16 weniweni ndi wa dziko lomwe mukukhala inulo, wowongoka ngati chingwe, wodutsa m'chigwa chotentha chopanda ngakhale mtengo wopumirapo. Anati wayendetsapo mathiraki onyamula mafuta kuyambira bambo asanamere imvi.

Nkhondo inayambira pamenepo. Bambo anati msewu wowongoka ngakhale mbuzi itha kuyendetsa, bola waimangirira pachiwongolero. Anamuuza kuti abwere adzaone wathu, wamakona, wokwera phiri, phompho lili cha kumanzere, nkhungu ili kutsogolo. Mphenzi anayankha kuti pamakona mantha amakudzutsa okha, koma pamsewu wowongoka tulo timabwera ngati m'bale wako, kukusisita pamsana mpaka kukugoneka m'ngalande. Anawonjeza kuti kwawoko ng'ombe zimagona paphula, ndipo mphepo imakankha thiraki ngati katoni yopanda kanthu.

Anakangana miyezi, achimwene. Bambo anayamba kudzuka m'mamawa, kusamba, kumeta, n'kukhala pakhonde ndi foni ngati akupita kuntchito. Ankamutcha mnzawoyo mphwanga. Mphwanga iwe sudziwa giya, mphwanga iwe unaphunzira kuyendetsa pa wilibala. Ena onse m'gulumo anasiya zawo n'kumangoonerera.

Ndiye m'mawa wina maso anawawawa ndi kuwerenga. Anandiuza ndilembe kuti atopa ndi zilembo, ngati Mphenzi ali mwamuna weniweni alankhule ndi pakamwa pake. Posakhalitsa uthenga wa mawu unafika. Nditautsegula tinamva mayi wachikulire akuseka kwambiri, akuti umuna alibe, koma laisensi ya thiraki ali nayo, ndi zidzukulu zomwe.

Achimwene, mukanawaona bambo anu. Anaimirira n'kuvula chipewa, kuvulira foni. Anayamba kupepesa, inu mayi, inu mayi, osadziwa kuti sindinadine pojambulira mawu. Kenako anakhala masiku angapo osaigwira foniyo chifukwa cha manyazi, mpaka mayiwo anafunsa m'gulu ngati a Tifika mabuleki awathera pamtsetse. Zimenezo bambo sakanazilola. Anabwerera, ndipo mkangano unapitirira, kungoti tsopano mwaulemu.

Mwezi wathawu mayiwo anabwera kuno. Mwana wa mchemwali wawo amakwatiwa cha kufupi ndi kwathu, ndiye anati sangabwerere osaona kamsewu kamene kamawapangitsa a Tifika kudzitama chonchi. Musaganize kuti ine ndinangoti bwerani. Nanenso ndinali ndi maganizo ngati anuwo, oti anthu a pafoni ndi akuba. Ndinawapempha amakanika kuti akhale pafupi, ndipo anakhaladi kuseri kwa mpanda ndi sipanala m'manja.

Amene anatsika m'kapikapu koyera ndi mayi wamfupi, wa imvi mutu wonse, magalasi atapachika pachingwe m'khosi, mikono ngati ya munthu wowaza nkhuni. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Kenako anawayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ankayesa ndi aatali, poti pakamwa pawo m'patali. Bambo, amene anavala jekete yawo ya yunifolomu ija, anangoti takulandirani. Amakanika anabisa sipanala n'kubwera kudzapereka moni.

M'mawa mwake tinanyamuka atatu kukaona 16 wathu. Mayiwo anagwira chiwongolero, bambo pambali pawo, ine kumbuyo ndi fulasiki ya tiyi. Titangolowa paphula pakamwa pa bambo panamasuka. Zikwangwani saziona bwino, koma ankatchula kona iliyonse tisanaifike. Pena anachenjeza kuti patsogolopa pali dzenje lalikulu. Dzenjelo analikwirira kalekale, ine ndinaona kuti palibe, mayiwo anaonanso. Koma anachepetsa liwiro n'kulizemba bwinobwino dzenje loti kulibe, n'kuthokoza powachenjeza. Kuyambira pamenepo ine ndinasiya kuwayang'ana ndi diso lokayika.

Titafika patsinde pa phiri bambo anati aike giya yachiwiri asanadutse kamlatho. Mayiwo anati iwo saphunzitsidwa kukwera chulu. Tili pakati pa chitunda galimoto inayamba kutsokomola, lole inali kumbuyo kwathu ikuliza hutala, ndipo nkhungu inatsika mwakuti kutsogolo sikunkaoneka. Mayiwo anasintha giya mofulumira, thukuta lili kamukamu, ine kumbuyo ndikupemphera mokweza. Bambo anangopinda manja, nkhope ili ngwee ngati mwana wapambana mayeso. Titafika pamwamba mayiwo anapuma kwambiri n'kuvomera kuti msewu wathu ndi wamwano ngati mwini wake.

Tinatsetsereka tikuseka mpaka pasiteji ya pamkuyu, pafupi ndi sukulu yomwe mayi ankaphunzitsa asanakwatiwe. Pamenepo bambo anangoti duu. Ine ndinadziwa chifukwa chake, koma mlendoyo palibe amene anamuuza. Anangowayang'ana kamodzi, n'kuimika galimoto m'mbali, nati injini yatentha ikufunika kupuma. Kenako anandikoka dzanja kuti tikagule nthochi kutsidya la msewu.

Tinakhala kumeneko nthawi ndithu, mayiwo akusankha nthochi ngati akusankha mpongozi. Sanandifunse kanthu. Bambo anali ataimirira pansi pa mkuyu uja okha, chipewa chili m'manja.

Pobwerera anayamba okha kufotokoza. Anati Lachisanu lililonse pasiteji ija pankakwera mphunzitsi wina wamtsikana, atanyamula dengu la makope a ana, n'kukhala mpando wakutsogolo. Ulendo wonse ankawanena kuti amayendetsa ngati akuperekeza maliro, koma Lachisanu linalo ankadikirabe basi yomweyo, kusiya zina zothamanga zikudutsa. Nkhani imeneyi ife tinaimva kambirimbiri mayi ali moyo, koma chichokereni iwo bambo anali asanaitchulepo.

Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto. Ndiye anati nawonso amuna awo anawapezera pamsewu. Bamboyo anali womata matayala m'mbali mwa 16 wa kwanuko, ndipo thiraki yawo inkaphwa tayala pafupi ndi shedi yake kawirikawiri, moti mpaka lero amakayikira kuti mwina bamboyo ankamwaza misomali dala. Tinaseka tonse, koma ndinaona pagalasi kuti magalasi awo achita nthunzi. Anati manda a amuna awowo ali pafupi ndi msewu womwewo, ndipo akadutsapo amaliza hutala kamodzi.

Potsanzikana anawauza bambo kuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Iwo aona wathu, tsopano a Tifika apite akaone wawo, akaone ngati sakagona pampando asanafike pakati.

Tsopano ndifike pa inu. Munati bambo ndi odwala, sangayende ulendo wautali. Ndinapita nawo kuchipatala, adokotala anawayeza n'kunena kuti atha kuyenda bola asaiwale mapiritsi, ndipo anafunsa kuti tikuwadyetsa chiyani poti asintha chonchi. Munati mayiwo akufuna kuwadyera. Achimwene, awadyera chiyani? Njinga yopanda tcheni ija? Mayiwo ali ndi nyumba yawo ndi ana awo akuluakulu, ndipo nthochi zija anakana kuti ndilipire ine.

Chenicheni chomwe chikukuwawani simunachinene, koma ine ndine mlongo wanu, ndikuchidziwa. Mukuona ngati tikuwaiwala mayi. Nanenso zinandipweteka tsiku loyamba kuona munthu wina atakhala pampando wawo wa pakhonde uja. Koma ine ndi amene ndimakhala m'nyumba muno. Chithunzi cha mayi chili pakhoma pomwe paja, ndipo bambo amachipukuta okha Loweruka lililonse. Kusiyana kwake n'koti kale ankachipukuta ali chete, pano amachipukuta akuchiuza nkhani. Tsiku lina ndinawamva akuchifotokozera za giya yachiwiri ija, akuseka okha.

Za ukwati sananene, ndipo musandifunse. Nditawafunsa ine anakwiya, anati akupita kukayendera msewu basi, nkhani ya akatswiri. Patangopita kanthawi anabwera kukhitchini ndi malaya awiri, oyera ndi abuluu, kudzafunsa omwe amawakhala bwino. Potuluka anaima pakhomo n'kufunsa chapansipansi ngati ndikuganiza kuti ana a mayiwo akawalandira.

Tikiti tagula, pasipoti ili m'thumba la jekete. Afika kwanuko ndi basi ya masana Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Mayiwo anadzipereka kuti akawatenga padepoti, koma bambo anakanitsitsa. Anati munthu amene ali ndi mwana wake wachisamba m'tauni imeneyo satengedwa ndi alendo ngati katundu wosowa mwini. Akufuna mukawatenge inuyo, akagone kwanu, ndipo tsiku lokakumana ndi ana a mayiwo mukakhale pambali pawo kuti anthu akaone kuti nawonso analera.

Ndinawafunsa kuti nanga achimwene akapanda kubwera padepotipo? Anati akhala pabenchi ndi chikwama chawo mpaka basi yobwerera. Anatero mosakwiya, akupukuta nsapato. Inu mukuwadziwa bambo anu, achitadi zimenezo.

Chonde achimwene, pitani padepotipo. Sindikupempha kuti muwakonde mayiwo lero. Ndikungopempha kuti mukawaone bambo akutsika basi, mukaone nokha mmene akuyendera masiku ano, kenako mudzandiuze ngati mtima wanu ukufunadi kuti abwerere pakhonde paja kukayang'ana mpanda.

Ndisakubisireni, alamu anga ndinawaimbira kale. Akuti chipinda cha alendo achikonza, makatani achapa, ndipo ana akukanganirana kale woti adzanyamule chikwama cha agogo. M'nyumba mwanumo amene simunavomere mwatsala nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu angawo, muwauze kuti mapiritsi a m'mawa ndi oyera, a madzulo ndi achikasu, ndipo asawakhulupirire bambo akanena kuti amwa kale. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga. Amakanika akupereka moni, azakhali nawonso. Mulungu akusungeni ndipo akufewetseni mtima.

Bambo sakudziwa zomwe ndalemba muno. Angondiona ndi cholembera n'kufunsa ngati ikupita kwa inu. Nditavomera, anati ndikuuzeni kuti galimoto yanu muitsuke ndipo matayala muwapope bwino, poti akangotsika basi ayamba ayendera zimenezo asanakupatseni moni.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa m'nyumba muno