Chindevu Wayamba Kulipira

Amayi anga, kodi kukucha bwanji kumene muliko?

Ine ndi mdzukulu wanu Tadala tili bwino kuno ku Thamesmead, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mafupa. Tadala wayamba sukulu. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi, ndiye timangokokana choncho. Achimwene anaimba foni kuti mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chimanga cha m'munda mwanu sichinachite bwino, koma mtedza akuti wabereka mpaka kusowa matumba.

Koma chomwe ndakhalira pansi ndi nkhani ya Chindevu. Mukumukumbukira, pulofesa uja ankandiyang'anira pa maphunziro anga a anangumi, amene munamutcha dzinali mutangoona chithunzi chake. Munkaseka kuti mwana wa ku Ntcheu, kumapiri, wapita kukamvera kulira kwa zinsomba. Nditakuuzani kuti si nsomba, amayamwitsa ana awo ngati ife, munati, "Ndiye uziwapatsa ulemu, ndi antchembere anzanga."

Pali zomwe sindinakuuzeni nthawi imeneyo chifukwa munali mutayamba kale kudwala. Miyezi yonse ija ndinakhala m'boti kugombe la Mozambique, ndikusanza, dzuwa likundisenda khungu, ndikutsitsa makina m'madzi kuti ndijambule mmene anangumi aakazi amaitanira ana awo. Nditabwera nazo kuno, Chindevu anasindikiza ntchito yonse m'dzina lake. Langa analiika kumapeto, pothokoza, pamodzi ndi la woyendetsa boti.

Ndinamufunsa chifukwa chake, ndipo pamenepo m'pamene ndinalakwira. Viza yanga inali pafupi kutha, ndipo kuti aiwonjezere pankafunika kuti iye asaine. Lero akuti watanganidwa, mawa wapita kumsonkhano. Pamene ankasaina n'kuti nthawi itatha, pasipoti yanga inalowa mochedwa ku ofesi ya maviza ku Croydon, ndipo inu munatisiya ili komweko. Amayi, nyimbo za pamaliro panu ndinazimvera pa foni, nditaima pamalo okwerera basi, anthu akundilambalala. Mawa lake iye anangoti, "Pepa kwambiri, koma ntchito isaime."

Tsopano ndikuphunzitsa pa yunivesite ina, ndili ndi ophunzira anga. Mwezi watha ndinakumana ndi Chindevu pa msonkhano wa akatswiri ku Greenwich. Ananditsatira mpaka m'mbali mwa mtsinje, ndevu zija zitachita mbuu. Akufuna kubwerera ku Mozambique, koma asodzi akumeneko akukana kumunyamula popanda ine.

"Zakale zinapita," anatero. "Tiyeni tigwire ntchito limodzi, Dokotala."

Dokotala! Ndinamwetulira, n'kumuuza kuti ndiganizira. Anachoka akusekerera, ine mumtima ndikumva mawu anu aja akuti mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Sankadziwa kuti matepi oyambirira ndinali nditawapereka kale ku komiti yoona za madandaulo ya pa yunivesite yake. Iye anali ndi makope odulidwa. Pa anga, tepi iliyonse imayamba ndi mawu anga ndikutchula tsiku ndi malo, ndipo pa ina ndikumveka ndikupemphera m'Chichewa, mafunde atakula.

Komiti inakhala sabata yatha. Anamvera matepiwo ine ndili pomwepo, iye atakhala moyang'anizana nane. Atamufunsa kuti anali kuti masiku amenewo, anayamba kupukuta magalasi, n'kunena kuti papita nthawi, waiwala. Ndinamuyang'ana, Amayi, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Amuletsa kuyang'anira ophunzira, ndipo alamula kuti dzina langa libwerere pamwamba pa ntchito ija.

Ndikudziwa zomwe mukananena, kuti kubwezera n'kwa Mulungu, munthu asamalowerere. Ndapemphera, ndapitanso kwa abusa, koma mtima sunafewe. Dzina andibwezera, nanga dothi lomwe ndikanaponya m'manda mwanu andibwezera ndani? Atsikana ena awiri amene anawachita zomwezi andipeza atamva nkhaniyi, mmodzi anafika mpaka posiya sukulu n'kumakagwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka lililonse amabwera kuno, timasonkhanitsa umboni wawo, Tadala akusewera pansi. Tidzalowa ku komitiyo mmodzimmodzi, kuti akamati wapuma, chitseko chigogodedwenso.

Mundikhululukire, koma sindimusiya mpaka tsiku lomwe adzatuluke pa geti la yunivesite ija atanyamula katoni ya katundu wake, ndipo ine ndidzaima pamalo poti andione bwinobwino. Zikadzatha zimenezo ndidzakwera ndege, ndidzabwere kudzasesa pamanda panu, ndilire maliro anu bwino, ngati mwana amene wangofika kumene.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikubwera.

Ndine mwana wanu,
Thokozire