Mapasiwedi a Mayi a Ana

Lolemba, 9 Juni

Mayi a ana anachoka dzulo masana, ali kwa mchemwali wawo. Akuti ndinanena kuti nyumba imadziyendetsa yokha. Ndinanenadi. Nanga ndi bodza? Ine sindipepesa. Adzabwera okha.

Sokosi sizikuoneka. Kuntchito ndapita ndi yakuda ndi yabuluu.

Lachiwiri, 10 Juni

Mwana wathu wamkazi, Loya (ndi pakamwa pakepo, dzinali limamuyenera), akuti fomu ya mayeso itumizidwe pa webusaiti ya sukulu pofika Lachisanu, apo ayi salemba chaka chino. Ndati zazing'ono izo. Ine ndimayang'anira anthu khumi ndi anayi kuofesi.

Webusaiti ikufuna pasiwedi. Ndadina poti ndaiwala. Akuti nambala yotsimikizira atumiza pa foni yothera ndi 41. Foni ya mayi a ana imeneyo. Nambala imafa pakatha mphindi khumi. Iwo anditumizira patatha mphindi khumi ndi imodzi. Ndayesanso. Khumi ndi imodzi ndendende. Munthu ameneyu wakhala ndi wotchi m'manja.

Lachitatu, 11 Juni

Ndafunsa wa makompyuta kuntchito, ngati ndikufunsira mnzanga. Akuti, "Bwana, mnzanuyo angotsegula laputopu ya akazi ake. Bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti ija, imasunga mapasiwedi onse. Timadontho titatu pakona, apite pa mapasiwedi, adine kadiso." Kenako wayang'ana kumapazi kwanga n'kuti, "Mumuuzenso mnzanuyo kuti sokosi amagulitsa apa pakona." Mwano. Ndiona nthawi ya malipoti.

Laputopu ikufuna manambala anayi. Ndaika tsiku langa lobadwa. Yakana. Chaka changa chobadwa. Yakana. Nambala ya galimoto yanga. Yanditsekera mphindi zisanu. Nanga mkazi angaike chiyaninso?

Ndaimbira alamu, mwaulemu wonse. Aseka mpaka kutsokomola. "Alamu, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'nyumba imodzi!" Adula.

Lachinayi, 12 Juni

Loya wandipeza m'mawa ndikukangana ndi laputopu patebulo.

"Adadi, ndi tsiku lobadwa la amami."

Ndati ndikudziwa, ndimangoyesa makinawo. Ndalemba la mu Ogasiti. Yakana.

Wandiyang'ana ngati mboni yabodza. "Ziro, eyiti, ziro, sikisi. Linali Lamulungu lapitali, adadi. Anavala diresi yatsopano. Inu munawafunsa ngati mpira wayamba."

Yatseguka.

Pasiwedi ya sukulu yadzilemba yokha, timadontho takuda. Fomu tatumiza, Loya akuwerenga ine ndikudina. Alemba mayeso. Nkhani ikanathera pomwepo, koma ndinati ndikopere mapasiwedi onse m'kabuku kuti ndisadzagwadirenso munthu.

Alipo makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu. Madzi. Magetsi. Sukulu. Dokotala wa mano. Chipatala cha mayi anga. Laisensi ya galimoto, imene ine ndinkaganiza kuti imangodzikonza yokha chaka ndi chaka. Imelo yanga yomwe.

Ndadina kadiso.

Ya madzi: NdaniWasiyaMpopi. Ya magetsi: AzimitseOkhaBwanawo. Ya imelo yanga: MfumuYosapezaSokosi1. Ndiye kuti ndakhala ndikulembera akuluakulu a kampani makalata kudzera pakhomo limeneli zaka zonsezi.

Ndinapsa mtima. Ndinatenga foni kuti ndiwauze mawu. Kenako ndinadina ya chipatala cha mayi anga: Apongozi8kolokoAsanadye. Ine sindimadziwa kuti mayi amamwa mankhwala asanadye. Sindimadziwa n'komwe kuti akumwabe.

Ndaimbira mayi. Akuti, "Mpongozi wanga wandiimbira kale, ngati masiku onse. Iwe wafuna chiyani, kwagwanji?"

Kabuku kaja sindinalembemo kanthu.

Lachisanu, 13 Juni

Pa msonkhano ndauza anyamata kuti pasiwedi izikhala yaitali, yosaganizirika. Wa makompyuta wafunsa za mnzanga uja. Ndati akuchira.

Loweruka, 14 Juni

Ndapita kwa alamu, laputopu kukhwapa. Mayi a ana anali pakhonde akusenda lalanje. Sanaimirire.

"Mwabwera kudzafunsa iti?"

"Palibe. Ndaziwerenga zonse."

"Zonse?"

"Ndi ya mfumu yomwe."

Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono ngati aseke, koma anadzigwira. Ndinapepesa. Zinatuluka zokhotakhota, alamu akumvetsera pawindo osabisala n'komwe. Mayi a ana anapukuta manja, natenga laputopu, n'kuiika pamiyendo panga.

"Madzi, magetsi, galimoto ndi mankhwala a amayi anu. Kuyambira lero ndi zanu. Sinthani mapasiwedi panopa, muikenso foni yanu, ine ndikuona."

Zinanditengera ola lathunthu. Sanandithandize ngakhale kamodzi. Anangondipatsa chidutswa cha lalanje nditafika pa ya chipatala.

Sanabwere nane. Akuti aganize kaye. Koma ndikutsanzika alamu ndinasuzumira m'balaza, ndipo chikwama cha mayi a ana chinali pafupi ndi chitseko, zipi yotseka kale.