Mankhwala a likodzo apita tsidya

Achimwene,

Landirani moni ndi manja awiri. Kuno ku Msakambewa tilipo, mayi mwendo wasiya kuwavuta, koma ine mtima ukuwawa.

Kunabwera madokotala ofufuza za likodzo pamodzi ndi a kuchipatala. Anagawa timabotolo kuti aliyense akodzeremo. Anthu anathawira kumunda, ati mkodzo sapatsa mlendo, angakulodze. Inu mukundidziwa, ndikalankhula ngakhale mbuzi imamvera. Ndinayenda khomo ndi khomo mpaka mudzi wonse unatuluka. Pamzere ndinaima patsogolo, botolo m'manja, apongozi akuona. Chikwatire sindinadyepo pamaso pawo, koma tsikulo anaona mkodzo wa mkamwini wawo. Ndinapirira chifukwa anatilonjeza mankhwala, ndipo mwana wanga Yohane akukodza magazi.

Mwezi watha galimoto yawo inabweranso, koma inangotidutsa n'kukaima tsidya la mtsinje. Ndinaithamangira kuposa njinga. Mkulu wawo anandiyankha akumwetulira: "Bambo, chaka chino tikupereka kuno. Mudzi wanu ndi wofanizira, tione kusiyana kwake." Ndinafuna kukalipa, koma a tcheyamani a chipani anali pompo, ndiye ndinangovula chipewa.

Tsopano ndikadutsa pachitsime azimayi amati, "Adokotala, botolo lili kuti lero?" Ndimaseka nawo, koma Yohane akuonda.

Chonde mukapeza mankhwala a likodzo ku Joniko, patsirani aliyense wobwera kuno, musadikire Khirisimasi. Mulungu akusungeni m'mgodimo. Pobwera mudzandigulirenso chipewa chachikulu, choti ndizibisa nkhope ndikakumana ndi apongozi.

Ine mng'ono wanu,
Yosefe