Maenvulopu a Jasten

Lolemba, 3 Novembala

Masabata atatu chimuikire m'manda mwamuna wanga Jasten ku Dedza. Ndabwerera kuno kunja, ku Al Qusais, dzulo. Amayi a kutchalitchi anakonza m'nyumba ine kulibe, kuti ndisapeze zinthu zake zili mbwee. Pakomatu. Sindikupazindikira.

Lachiwiri, 4

Maenvulopu ake 31 ali pashelefu, osanjidwa bwino, opanda kanthu. Munali zipatso zouma za sea buckthorn, kamtengo kaminga kamene anapita kukayeza kumapiri a ku Pakistan mu Seputembala. Mtengo uliwonse unali ndi envulopu yake. Tsopano zonse zili m'botolo limodzi la khofi.

Ndaimbira Florah, mtsogoleri wa amayiwo. Akuti zinkatayikira pansi. “Nenze kufuna chabe kuthandiza, asisi. Si zimodzimodzi?” Ndati zikomo. Ndikanati chiyani?

Lachinayi, 6

Karim, amene ankagwira naye kafukufukuyu, abwera Lamulungu kudzatenga maenvulopu. Akufuna pepala la zotsatira zawo lituluke ndi dzina la Jasten patsogolo, inshallah. Sindinamuuze.

Ndayala nsalu yoyera pansi, ndakhuthula botolo. Si zimodzimodzi ayi. Zina zobulungira ngati nandolo, zina zazitali ngati mpunga, zina zofiirira, zina zachikasu chotuwa. Pa envulopu iliyonse J. analemba kutalika kwa minga, kukula kwa masamba, maonekedwe a chipatso. Pa nambala 12 anawonjezera: “Wankhanza uyu, wandilasa kawiri.” Ndaseka, kenako basi.

Lachisanu, 7

Kuntchito, kunyumba, pansi. Msana.

Loweruka, 8

Mitengo isanu ndi inayi ndaipeza mosakayika. Yotsalayo ikundikana, zouma zimafanana kwambiri. Mabuku onse ndawerenga pamoyo wanga, palibe londiuza kuti kachipatso aka n'ka 17 kapena 23.

Madzulo ndinangotapa pang'onopang'ono n'kudzaza maenvulopu onse. Karim sangadziwe. Pepala lituluka, dzina likhalapo. Ndinamata atatu. Yachinayi inandikanika, chifukwa J. ankabwereza muyeso katatu ngakhale wa makatani. Ndakhuthulanso. Ndatopa kwambiri.

Lamulungu, 9

Karim wabwera 4 koloko, atanyamula zipatso za tende za chipepeso. Ndamupatsa maenvulopu asanu ndi anayi, ndamuonetsa mulu wa pansalu, ndanena zonse, ndi za dzulo zomwe. Kenako wati ndi mitengo isanu ndi inayi yokha pepala silingatuluke. Ndinayembekeza kuti anyamuka.

Wawerama, watola kamodzi kakatali, kokhala ndi kaphesi kopindika. “Aka n'ka kumtsinje, kumunsi kwa mudzi wa amayi anga. Nthambi ndinagwira ndine, iye akuthyola. 26.”

Wavula nsapato, wakhala pansi, wapempha mbale zing'onozing'ono. Ndinali nazo zisanu ndi imodzi zokha. Ndapita kukabwereka zina kwa Florah, ndipo wabwera nazo yekha, ndi magalasi ake owerengera.