Paipi ya Kuseri kwa Sukulu

Loweruka, 10 Febuluwale

Tsiku loyamba la maphunziro a aphunzitsi a zachilengedwe. Matakisi awiri kuchoka ku Olieven, mvula yowaza njira yonse. Anandilembetsa ndi Abusa Chakufwa, eni sukulu yathu. Akuti makolo akufuna kuona setifiketi ya kuno ku Joni pakhoma. Yanga ya kwathu saiwerengera.

Wotiphunzitsa ndi Mme Dikeledi, wamfupi, majombo mpaka m'mawondo. Sanatikhazike m'kalasi. Molunjika kumtsinje, aliyense sefa ndi beseni loyera. Kuvundula miyala ndi phazi, kusefa, kukhuthulira m'beseni. Nkhanu, ana a tombolombo, tizilombo tina tokhala m'tinyumba tamchenga. Akuti tizilombo timeneti sitikhala m'madzi oipa. Ukatipeza, mtsinje uli moyo.

Ndinaseka ndili m'madzi. Chichokereni ku Ntcheu sindinasekepo choncho.

Ntchito imene watipatsa: aliyense akaone madzi apafupi ndi sukulu yake, adzafotokozere anzake pa 2 Malichi. Mayeso ake ndi omwewo.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Ndinatenga ana anga a giledi 4 kupita kukhwawa lakuseri kwa sukulu, komwe amasewera akaweruka. Tinasefa, kusefa. M'beseni nyongolotsi zofiira zokhazokha, kuphatikiza mphutsi. Fungo.

Rabia, wokhala kutsogolo uja, anandifunsa: "Aphunzitsi, nkhanu munatiuza zija zapita kuti?"

Ndinawauza kuti akasambe m'manja ndi sopo. Ndinangoti basi.

Lolemba, 19 Febuluwale

Ndinalondola khwawa ndekha, kukwera kumtunda. Ndimayesa ndikapeza fakitale kapena dzala. Ayi. Paipi yakuda, yotuluka pansi pa mpanda wathu, yobisika m'bango. Ikuchokera kuzimbudzi za sukulu ndi za zipinda zimene Abusa amachititsa lendi.

Chipinda changa chili pamzere womwewo. Ndiye kuti ndi zanga zomwe.

Kumunsi kuli dimba la Mayi Hajira, amake Rabia. Amathirira repu ndi madzi omwewo, nkumagulitsa pa siteji. Ndadya repu ameneyo chaka chonse.

Lachitatu, 21 Febuluwale

Ndawauza Abusa. Sanakane, sanakalipe. Anavula magalasi.

"Enifa mwana wanga, dzenje la zimbudzi linadzaza chaka chatha. Ndinasankha kulipira aphunzitsi m'malo mokumba lina. Ukakanena kumaphunziro kwanuko, a manisipala abwera, atseka. Ana awa ambiri alibe mapepala, kwina anawabweza kale. Akaphunzira kuti?"

Munthuyu ndi amene anayendetsa mtembo wa bambo a ana anga mpaka ku Ntcheu. Ndi amene anandichotsa kochapa zovala za azungu konkuno ku Montana, nkundibwezera choko m'manja.

Akuti ndikayeze mtsinje wina, ndikafotokoze za umenewo. Mitsinje ndi yambiri, atero.

Loweruka, 24 Febuluwale

Kumaphunziro lero za madambo, mmene bango limasefera madzi. Mutu sunali pamenepo. Pa nkhomaliro ndinafunsa Mme Dikeledi mozungulira, ngati za munthu wina.

"Sesi, ine si wapolisi," anatero. "Koma munthu wakoyo andiuze: ana amalowamo m'madzimo?"

Ndinati amalowamo. Anangobwezera sangweji yake m'pepala.

Aphunzitsi anzanga a ku Hammanskraal amanyamula madzi awoawo m'zigubu. Mmodzi anaika mlongo wake m'manda chaka chatha, matenda a m'mimba, madzi oipa a kwawoko. Amanena mosagwedera mawu, ngati za nyengo.

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Rabia sanabwere dzulo, lero sanabwerenso. Kutsegula m'mimba, kusanza. Amugoneka kuchipatala, ali pa diripi. Enanso awiri a giledi 2 akudwala kunyumba.

Ndine ndinawalowetsa m'khwawa muja. Inde amalowamo kale okha, koma tsiku lija ndinawatsogolera ndine, sefa m'manja.

Abusa anapemphera pa asembule. Ine maso sindinatsinzine.

Ana anga kumudzi akudikira fizi. Ndikachoka pano ndilowera kuti? Eish.

Lachinayi, 29 Febuluwale

Ndinapita kuchipatala nditaweruka. Rabia maso alowa m'kati, milomo youma. Mayi Hajira pampando wapulasitiki, mpango utagwera paphewa. Anayamba kundithokoza kuti ndabwera. Sindinapirire. Ndinawatengera pakhonde nkuwauza zonse: paipi, bango, dimba lawo.

Anakonza mpango wawo. Kenako: "Achemwali, mwadziwa liti?"

Ndinati sabata yatha.

"Ndipo ine ndakhala ndikuthirira, ndikugulitsa."

Anabwerera m'wodi osanditsanzika. Ndinayenda wapansi mpaka pa siteji.

Lamulungu, 3 Malichi

Dzulo kumayeso sindinapite. Ndinavala, beseni ndi zithunzi zanga m'chikwama, nditatsimikiza kuti ndikanena zoona. Potsegula chitseko, bwalo la sukulu lodzaza. Mayi Hajira anauza amuna awo a Twalha, a Twalha anauza anzawo kumzikiti, nkhani inafika kwa makolo onse.

Ndimayesa abwera kudzamenya. Ena anabweradi ndi mtima umenewo. Mawu anakwera, mayi wina anawaloza Abusa chala pamphuno. Koma a Twalha ndi mmisiri womanga, anabwera ndi mapiki ndi mafosholo pa bakki, galimoto ya abwana awo.

"Kukalipa tikalipa madzulo," anatero. "Pano tikumbe."

Anadula paipi, anatseka ndi simenti, anayamba dzenje latsopano. Amuna a kumzikiti ndi a kutchalitchi kwathu m'dzenje limodzi. Abusa anaima pakhonde nthawi yaitali, kenako anavula jekete nkulowamo, buluku la suti lomwelo. Ine ndinatunga madzi a simenti mpaka dzuwa kupendeka. Abusa sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Mayi Hajira anazula repu yense. Anamuunjika pamsewu, ngakhale mbuzi anazithamangitsa kuti zisadye.

Lero kutchalitchi Amayi busa anandipatsa moni ndi nsonga za zala.

Lolemba, 4 Malichi

Mme Dikeledi anatumiza uthenga m'mawa: bwanji sindinaoneke? Ndawayankha zonse, dzina la sukulu lomwe. Akuti setifiketi ulendo uno yandiphonya, malamulo si awo. Koma akufuna kubwera Lachisanu ndi aphunzitsi ena, adzaone khwawa, atithandize kudzala bango kumunsi. Sindinawauze Abusa. Sindikudziwa ngati Lachisanulo ndidzakhala ndili pano.

Makolo asanu achotsa ana awo. Mipando yopanda anthu kumbuyo.

Rabia wamwa phala, atero a Twalha. Amake sanandiyankhulebe.

Tsopano ndi nthawi yopuma. Andiitana ku ofesi belu likalira. Pawindo ndikuona Abusa, Amayi busa, ndi akulu a mpingo awiri. Mpando umodzi auika pakati.

Ndathamangira kuchipinda kukavala nsapato zanga za kutchalitchi. Chifukwa chake sindikuchidziwa.