Kanyenyezi pa Dzina la Gotthard

Leipzig, Novembala 1881

Okondedwa alamu a Reinhold,

Ndikhulupirira muli bwino ku Danzig kumeneko. Kuno kuzizira kwayamba, koma mwana wathu Minna chifuwa chija chamusiya.

Za achimwene anu a Gotthard ndiye sindidziwa poyambira. Paja moyo wawo wonse akhala akusaka chilankhulo chamakedzana chimene chinabala Chigiriki, Chilatini ndi Chijeremani chathuchi, ndi momwe mawu ake anasinthira pakamwa pa anthu. Iwo amati chinali ndi liwu lapakhosi limene linasowa kalekale. Atakafotokoza kuyunivesite, anzawo anawaseka. Wina anati, "A Gotthard, liwu lanulo munalimva kumanda kapena m'botolo?" Ntchito yawo yophunzitsa akuluakulu a yunivesite anaipatsa wina.

Tsopano a Gotthard sadya. Amakhala pawindo n'kumayesa liwu lija kukhosi, mpaka Minna amathawira kukhitchini.

Pantchito yawoyi ali ndi mwambo: mawu amene palibe munthu anawamvapo amawalembera kanyenyezi kutsogolo. Lamulungu ndinapeza atajambula kanyenyezi ndi choko pa dzina lawo pachitseko chathu. Ndinafufuta, ndinati, "Bambo a Minna, wakuuzani ndani kuti simumveka? Ine ndimakumvani." Anangondisisita patsaya, nati, "Ndiwe munthu wabwino, Ottilie."

Lero kanyenyezi kabwereranso, ndipo masiku ano amakonda kuyenda okha cha kumlatho wa pamtsinje. Ndikuopa angadziponye m'madzi.

Alamu, musataye nthawi kuyankha kalatayi, ingokwerani sitima. Inu amakumverani. Choko ndingafufute tsiku ndi tsiku, koma miyendo yawo sindingaimange.

Ndine mlamu wanu,
Ottilie